Sowo Yatsopano ya Ababa

Thambani, Mwanza

Okondedwa achimwene a Osorio,

Muli bwanji ku Beirako, pamodzi ndi alamu ndi ana? Ife kuno tili bwino, kungoti dzuwa lanyanya.

Nkhani yabwino ndi yakuti ababa atsegulanso kashedi kawo kakuseri kwa nyumba kaja! Akabaza awiri abwera kale kuti awapangire makaliyala a njinga. Sowo yakale ija inathyoka, ndiye Lachiwiri ndinawaperekeza ku Boma kukagula ina yochekera zitsulo.

Mukanakhalapo, achimwene! Wogulitsa anatulutsa ina yonyezimira, chogwirira chake chapulasitiki. Ababa anangoigwedeza kamodzi n'kunena kuti, "Iyi ndi yodulira buledi, mwana wanga." Sitolo yonse inafa nacho chiseko. Kenako anayendetsa chala pa mano a zinazo, imodziimodzi. Akuti mano akuluakulu amakodwa pa paipi yopyapyala, ofunika ndi ang'onoang'ono, othinana. Atapeza yakumtima kwawo, anaifungatira ngati khanda njira yonse, akuimba nyimbo zachisena pa matola.

Kungoti wogulitsayo ankawalozera nambala ya mano yolembedwa pa sowopo, yooneka bwinobwino, koma iwo osayang'anako n'komwe. Dzulo anandipempha kuti ndiziwagwira chala n'kuchiika pamene ayambire kucheka. Akuti ndi fumbi la mwezi uno basi lomwe likuwavuta m'maso. Koma kucheka akucheka mowongoka ngati kale.

Munati mubwera pa Khirisimasi. Ngati kungatheke, achimwene, musadikire Khirisimasi. Ababa akufuna akuoneni.

Ndine mlongo wanu,
Olímpia