Delifina ndi Joakimu asiyana

Achemwali anga,

Moni wochokera kuno ku Milanje. Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu muli bwino ku Joniko. Ife tili moyo, ana anu onse ali bwino, kupatula Delifina.

Munandituma kuti ndimpezere alangizi, iye ndi bwenzi lake Joakimu, asanakwatirane. Ndinafunsa malo angapo kutauni, ku vila kuja, koma mtengo wake unandikanika. Kenaka ndinamva za akatekisiti ena okalamba, njira ya ku Molumbo, amene amalangiza pamodzi ndi akazi awo n'kulandira nkhuku basi. Ndinakondwa, ndipo ndinawaperekeza ndekha anawo pa njinga.

Titangokhala pansi, mayi aja anafunsa kuti, "Nyumba mudzamanga kuti?"

Delifina anati, "Kwathu, pamalo pa amayi. Amalumewa aumba kale njerwa."

Joakimu anaseka. "Ine chikamwini? Ndizikalimira apongozi? Tikupita kwathu ku Mokuba."

"Nanga azing'ono anga ndiwasiyire ndani?" anatero Delifina, misozi ili m'maso.

Achemwali, zinapezeka kuti nkhaniyi sanakambiranepo. Aliyense ankangoganiza kuti mnzake akudziwa. Akuluakulu aja anayesetsa kuwagwirizanitsa, koma palibe amene anagonja. Tinabwerera kumudzi, ndipo Loweruka amalume a Joakimu anabwera kudzatenga chikole.

Delifina sakudya. Chonde mumuimbire foni, koma musamkalipire. Dzulo anandifunsa kuti, "Amalume, munatitengeranji kumene kuja?" Ngati inu muli ndi yankho, mundiuze ndikamuuze.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Alufonso