Dzina la Pamwala

Lolemba, 3 Juni 2024

Chiperoni tsiku lonse, phiri osaoneka. Msonkhano wa komiti. Mpingo wathu ukukwanitsa zaka 70 mu Julaye, ndiye tikuika mwala wachikumbutso, wokazokotedwa ku Chitakale. A Hopewell, mlembi wa mpingo, awerenga mawu apamwalapo: "Woyambitsa, Abusa Alasdair Dalgety." Ha! Woyambitsa? Mzunguyo anafika kuno mu 1958. Agogo anga a Yohane anali atalalikira kale zaka zinayi pansi pa mtengo wa mbawa, kwa othyola tiyi, m'Chilomwe. Nkhalamba zonse zikudziwa.

Lachitatu, 5 Juni

A Hopewell abwera ndi buku. Mbiri ya mipingo ya kuno, yolembedwa ndi a Dalgety omwewo atabwerera kwawo ku Scotland. Ati, "Mayi Phiri, munthu anafika pokhala mkulu wa yunivesite, inu mutsutsane naye?" Eya, nditsutsana naye. Zaka 31 za uphunzitsi sindinauzepo mwana kuti azimeza chilichonse poti n'chosindikizidwa.

Masamba asanu ndi anayi okamba za ife. Njinga yake yamoto ilimo. Dzina la galu wake lilimo. Agogo? "Wantchito wina wa m'munda wa tiyi." Wina! Munthu woti anaumba njerwa za tchalitchi choyamba ndi manja ake.

Lamulungu, 9 Juni

Ulaliki sindinaumve, mtima kuwira basi. Masana ndawauza ababa. Zaka 86 koma mutu ukuyenda bwinobwino, ndipo ndi iwo ankawamasulira a Dalgety paguwa. Ndimayesa tikwiya limodzi. Angoti, "Zisiye, Dyna." Bambo wawo wowabala! Chakudya achisiya, akakhala pakhonde.

A Dalgety anamwalira kalekale, koma ndapeza mwana wawo, Jacqueline, pa Fesibuku. Ndamulembera. Sindinamunyengerere ayi.

Lachisanu, 14 Juni

Zii. Jacqueline kuwerenga wawerenga, koma osayankha. Komiti yati ndibweretse umboni wolembedwa pofika pa 22, apo ayi mwala uzokotedwa momwemo. Umboni wolembedwa, wa anthu omwe sankadziwa ndi kugwira pensulo komwe! Nzeru zake zimenezo?

Lachinayi, 20 Juni

Wayankha. Mwaulemu, mpaka ine manyazi. Watumiza zithunzi ziwiri.

Choyamba, tsamba la m'kope la bambo ake, lolemba pamanja. Agogo alimo, ndime yathunthu. Woyambitsa mpingo, anachoka ku Mozambique wapansi pothawa chibalo cha Apwitikizi.

Chachiwiri, kalata ya 1971. Dzanja ndalizindikira ndisanawerenge n'komwe. Ababa. Akupempha kuti dzina la bambo wawo lichotsedwe m'bukumo. Iwo tsopano ndi aphunzitsi, akudziwika kuti a Phiri, sakufuna anthu aziwanena kuti mwana wa Mnguru, dzina lonyozera Alomwe lija. M'mphepete a Dalgety analemba kuti amvera, koma ndi mtima wowawa.

Masabata awiri ndi theka ndikunyoza munthu wakufa wosalakwa. Ukali sunathe. Wangolowa m'nyumba muno.

Lachisanu, 21 Juni

Ndawaonetsa ababa foni m'mawa, ali padzuwa. Ayang'ana nthawi yaitali. Ati, "Iwe sunaimepo kutsogolo kwa kalasi ana akukugeza kalankhulidwe." Ndawayankha kuti agogo anaima kutsogolo kwa mpingo ndi kalankhulidwe komweko, osabisala. Alira. Chibadwire sindinawaonepo akulira. Kupepesa sindinapepese.

Mawa ndikapereka tsamba la m'kope lija. Kalata ayi, imeneyo ndi ya m'banja.

Koma pamwala tilemba ndani? Agogo anamwalira ine ndili wakhanda, anthu amangoti a Yohane. M'kopemo si Yohane Phiri. Ndi Yohane Muhiwa. Zaka 58 ndikusaina dzina lotola. Lenileni ndaliona dzulo, m'kope la mzungu.

Ndawapempha ababa alitchule kamodzi kokha, ndimve katchulidwe kake, ndisakachite manyazi pamaso pa komiti. Atsegula pakamwa. Atseka.

Ndikadali pakhonde pomwepa, ndikudikira.