Munditame Kamodzi Kokha

Broken Hill,
9 Novembala 1959.

Okondedwa akulu anga a Whiteson,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa onse ku Ndake. Kodi mwendo wa amai unaphwa? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ukuwawa, ndipo mwauwawitsa ndinu.

Mukudziwa kuti ndikufuna malo pa sukulu ya zamalonda ku Lusaka, ndipo malo a ife anthu akuda alipo khumi okha. Mamalikisi anga a Sitandade Sikisi ndi ochititsa manyazi, sindikana. N'chifukwa chake zaka zitatu izi sindinakhale manja lende. Ndinaphunzila taipi mpaka kulandila satifiketi. Mmwenye amene ndimamugwilila ntchito m'sitolo wandilembela kalata yabwino, yonena kuti akapita ku Ndola makiyi amasiyila ine. Akulu a sukuluyo anati chatsala n'chimodzi, kalata ya aphunzitsi anga akale yofotokoza chimene chinagwetsa mamalikisiwo.

Ndinakutumani kwa aphunzitsiwo, a Miti, chifukwa akalamba, ndipo ana amene adutsa m'manja mwawo ndi ambili. Ndimafuna muwakumbutse. Kalata yawo yafika dzulo. Alemba kuti Eustace ndi mnyamata wofatsa, nzelu zake n'zochepa koma amayesako, ndipo akutelo ndi abale ake omwe. Amon wa kumudzi kwathu, amene wabwela nayo kalatayo, wandiuza zonse. Akuti munakhala pansi chipewa kumanja, ndipo a Miti atafunsa za ine, inu munayankha kuti ndi kamwana kosadziwa kanthu, kamangoyendela mwayi.

Ndikudziwa kuti kwathu munthu satama wake pagulu, kuopa ansanje. Nkhokwe ikadzaza timati muli tochepa. Koma mzungu wa ku Lusaka mwambo umenewo saudziwa. Iye akawelenga kuti nzelu n'zochepa amakhulupilila, pepala n'kuponya m'dengu. Ndakwiya kwambili, akulu anga. Ulemu wanuwo mwaulipila ndi thukuta langa.

Kodi munaiwala? Chaka cha mayeso atate anali gone pa mphasa, inu muli ku migodi ku Wankie. Njovu zitayamba kulowa m'minda, amalume a Stanislaus anandichotsa m'kalasi. Miyezi inayi ndinali pa nsanja kumunda, kumenya chitini, anzanga akuphunzila masamu. Ndinabwelela kusukulu kutatsala milungu itatu. Ngakhale a Miti eni akewo akanalemba chiyani pa mayesowo?

Pempho langa ndi limodzi. Loweluka likubwelali mubweleke njinga, mutenge amalume, mupitenso. A Miti atsegule buku la maina aone okha miyezi imene ndinasowa, aonenso kuti mu Sitandade Faifi ndinali wachiwili m'kalasi. Alembe zimenezo basi, sindikupempha bodza. Kalatayo mukaiponye nokha ku Petauke, musatumenso munthu. Mapepala atseka pa 30 mwezi uno, ndipo chaka chamawa zaka zanga zidzakhala zitapitilila zimene amalola.

Mundipelekele moni kwa amai, kwa alamu anga a Doris ndi ana, kwa mlongo wathu Rabecca, ndi kwa amalume, ngakhale nawonso ndili nawo mawu.

Chimanga chimene ndinalondacho munadyako nanunso mutabwela ku Wankie. Ansanje ndithana nawo ndekha. Inu munditame kamodzi kokha.

Ndine mng'ono wanu,
Eustace Daka.