Sindikanena Kuti Ndimachapa Nsalu

Mng'ono wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi alamu anga amtsogolowo. Kodi mutu uja unasiya kukuvuta? Kuno tilipo, kupatula bondo langali limene limandiuza za mvula mitambo isanade. Ana akukupatsa moni, ndipo wamkuluyu wakula moti nsapato zanga zikumuthina.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni umandiposa pakamwa. Lamlungu lija unandipempha kuti pa ukwati wako, apongozi ako akandifunsa ntchito, ndikanene kuti ndimachapa nsalu kuchipatala. Unati iwo ndi anthu opemphera koma amantha, ndipo akamva kuti ndimasambitsa mitembo kunyumba yachisoni sangalole kuti ndikugwirire velo kapena kuwagawira chakudya. Ine ndinati chabwino. Ndinavomera ngati chitsiru, ndipo nditangodula foni ndinachita manyazi mpaka chakudya chinandikanika.

Tsono ndikubweza mawu anga. Sindikanama.

Lolemba m'mawa ndinalowa kuntchito nkhaniyi ikundiwawabe. Patebulo panali mayi wina wachikulire, tsitsi litapotana chifukwa chogona nthawi yaitali m'wodi. Ndinatenga beseni la madzi ofunda, sopo ndi chipeso. Mnzanga wapantchito, amene timawatcha aNdevu, anandiseka monga mwa masiku onse, akuti madzi ofunda ndi achiyani kwa munthu woti sakumvanso kuzizira. Ndinawayankha kuti ine sinditsuka zinyalala, ndimasambitsa munthu amene adzadzuke. Nditadzimva ndikulankhula choncho, ndinadzifunsa kuti nanga ndikubisiranji.

Iwe, kutchalitchi timaimba kuti Yesu anauka, kuomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Koma tikangoona mtembo timathawa ngati taponda njoka. Ndiye timakhulupirira chiyani? Ngati Iye sanauke, apongozi akowo akulondola, ine ndimagwira zonyansa, ndipo mapemphero athu onse ndi phokoso chabe. Koma anauka, ndipo anauka ndi thupi, mabala ali pomwepo, nadya ndi ophunzira ake. Ndiye kuti thupi si chinthu chongotaya. Komanso kumbukira amene anayamba kumva nkhaniyo. Sanali akuluakulu a mipando yakutsogolo ayi. Anali azimayi amene analawirira kumanda ndi mafuta onunkhira, kukagwira ntchito yanga yomweyi.

Usaganize kuti ndinabadwa wolimba mtima. Sabata yoyamba pantchitoyi ndinkasanza kuseri kwa nyumba yachisoniyo, magolovesi ali m'manja. Mantha anatha pang'onopang'ono, nditayamba kuona kuti chipinda chozizira chija si mapeto, ndi podikirira chabe. Lero imfa imandiliza ndithu, makamaka akabweretsa khanda, koma sindiiopanso.

Pali china chimene ndakubisira zaka zinayi. Amayi atamwalira iwe unafika mochedwa, bokosi lili kale m'nyumba. Utawaona nkhope unasiya kukuwa, unati akuoneka ngati angogona, ndipo unandituma kuti ndikathokoze anthu amene anawakonza. Ndinangogwedeza mutu. Amene anawakonza ndinali ine. ANdevu anandiletsa, akuti sindikwanitsa, koma ndinawatulutsa panja n'kutseka chitseko. Amayi ndinawasambitsa ndekha, ndinawaluka mizere itatu monga ankakondera, ndinawadzoza mafuta m'mapazi awo ong'ambika aja. Ndinalira mpaka maso kutupa, koma ndinawauza kuti agone, tidzaonana. Sindinkangodzitonthoza ayi, ndinkanena zimene ndikudziwa.

Ndiye manja amene anakubwezera nkhope ya amayi ako, lero akhale onyansa kugwira velo? Ayi, mng'ono wanga, pamenepo pokha ndakana.

Ku ukwati ndikufuna kubwera, chifukwa ndiwe wanga ndipo ndimakukonda. Diresi ndasoketsa kale. Sindikalanda maikolofoni n'kumalengeza ntchito yanga, ine si wamisala. Koma apongozi ako akandifunsa, ndikawayankha zoona, mwaulemu, nditawayang'ana m'maso. Akafuna kundikhazika kumbuyo pafupi ndi khomo, ndikakhala pomwepo osadandaula. Ukaona kuti zimenezi zikuonongera tsiku lako, ndilembere kuti ndisabwere. Ndidzalira, koma sindidzakusungira chakukhosi.

Bodza lokhalo ndilo usandipemphe. Ndikanena kuti ndimachapa nsalu, ndiye kuti ndakana zimene ndinawachitira amayi, ndipo tsiku lodzauka ndidzawayang'ana bwanji?

Ambuye woukayo akusunge ndi kudalitsa banja lako latsopano. Undiperekere moni kwa alamu ndi kwa azakhali. Apongozi akonso uwapatse moni, ndipo uwauze kuti ndimasamba m'manja kuposa adokotala.

Ndine mkulu wako wa bere limodzi.