Kamera ya Ubatizo wa Tadala

Mwana wanga Esinati,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko. Kuno ku Kawale tilipo, koma mawondo angawa ayamba kulosera mvula.

Wafunsa kuti utumize kamera iti, yokoka zakutali kapena yosaopa madzi. Mlongo wako Josamu akulimbikira yokokayo. Usamumvere! Paja pa ubatizo wa mwana wako Yamikani kumtsinje, bamboyu anaima kumtunda poopa kunyowetsa nsapato. Ndinakuwa kuti, "Tsika, iwe!" Iye amvekere, "Amayi, foni yanga imwa madzi." Mwana akuvuuka, amayi a kwaya anaimirira kululutira, n'kumutchinga. Chithunzi unalandira chija, si mipango yokhayokha? Unalira pafoni mpaka ine kulira nawo. Tsono ukam'patsa yokokayo, adzaima patali kuposa apo, n'kutikokera mipango yomweyo, yaikulu bwino.

Tadala abatizidwa mwezi wamawa, ndipo nkhope ya chitsirizira chakochi uione ndithu. Tumiza ya madziyo. Josamu adzalowa mpaka m'chiuno. Akakana ndidzam'kankha ndekha, nsapato zili kuphazi.

Uikemonso mafuta opaka mawondo. Mulungu akusunge, mwanawe.

Ine mayi ako,
Nachisale