Galimoto Ndaitseka Pakamwa

Make mapasa,

Mukapeza pakhomo pali zii musadabwe, ndathamanga pa njinga yamoto ya aneba kulondola galimoto yathu. Foni yanu munaiiwala patchaja, n'chifukwa chake ndalemba apa.

Mukukumbuka phokoso la matayala lija munkati likukupweteketsani mutu? Dzulo ndinadula matiresi akale a ana, siponji yake n'kuimata m'zitseko, pansi pa kapeti ndi m'buti, pamwamba pa matayala akumbuyo. M'galimoto munangoti zii ngati m'tchalitchi. Lero ndimadzitama kwa amakaniko athu aja, koma nditawafotokozera mmene phokosolo linkamvekera, nkhope yawo inagwa. Akuti si matayala ayi, ndi beringi yakumbuyo, kachitsulo komwe tayala limazungulirapo, yomwe yatha, ndipo tayala likhoza kuguluka galimoto ili pa liwiro.

Vuto ndi lakuti alamu, achimwene anu aang'ono aja, atenga galimotoyo kukasiya mapasa kwa agogo awo, ndipo mukudziwa mmene amapondera moto. Ndawaimbira mpaka chala kuwawa, foni ikungoitana.

Chonde, musakhale pansi, aimbireni alamuwo osalekeza. Akayankha auzeni aime pomwepo ndi kutsitsa ana. Zoti "tatsala pang'ono kufika" musazimvere.

Za matiresi mundikalipire madzulo, ndipepesa chogwada.

Galimoto ija inkatichenjeza, ine n'kuitseka pakamwa. Panopa ngakhale tayalalo lilire bwanji, alamu samva kanthu, ndipo ana athu akhala pamwamba pake penipeni.

Bambo a mapasa