Tchalitchi Chakugwa Chaimanso M'foni

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno tili bwino, mwendo wa amayi wayamba kupola.

Loweruka ndinapita nawo ku Utale, pabwinja la tchalitchi chakale chija. Achinyamata apangatu zodabwitsa! Ukaloza foni pakhoma lakugwa, tchalitchi chonse chimaoneka chitaima, ndipo ukapeza pamene pali belu umapata nyenyezi ngati mphoto. Amayi poyamba anakana, amvekere, "Iyayi, zachibwana zimenezo." Koma atasuzumira n'kuona guwa, anagwada pa udzu pomwepo n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Foni yangayo osandibwezeranso!

Chonde musazengereze, tumizani chithunzi cha ukwati wawo munatenga chija. Achinyamatawo akuti achiikamo, kuti amayi akawaonenso malemu bambo ataima pakhomo pa tchalitchi paja.

Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu.